Zimene Sindinanene Pabwalo la Mpira

Lachinayi masana, sabata yoyamba ya Sepitembala, kuno kwathu kunjira ya ku Makanjira.

Felista mwana wanga,

M'mawa uno pa tiyi wokutsanzika tinalipo anthu anayi: ine, iwe, malume ako a Jemusi ndi azakhali ako a Rozi. Tinayamba 7 koloko, tinamaliza 9 koloko itapitirira ndi mphindi khumi. Malume ako anakulangiza za malipiro ndi za amuna, azakhali ako za tchalitchi ndi za kavalidwe. Ine ndinkangothira tiyi. Kenako unanena kuti ahedi a sukulu imene akutumizayo, kufupi ndi Monkey Bay, anakuimbira foni kuti kupatula kalasi ya Sitandade 6 akupatsanso timu ya atsikana ya mpira wamanja. Malume ako anadzimenya pantchafu.

"Basi zakwana! Mwana wa kochi wasanduka kochi. Utenge wenzulo ya mayi akowa, ikungochita dzimbiri pamsomali."

Iwe sunadzutse nkhope. Unayankha ukuyang'ana m'kapu.

"Ndikawaphunzitsa, malume. Koma osati mmene anandiphunzitsira ine."

Azakhali ako anatsokomola, nayamba kufunsa ngati mlatho uja anaukonza. Ine ndinatola makapu.

Ndinamva, Felista. Papita zaka zisanu ndi zitatu ndi miyezi iwiri chisiyire iwe mpira, ndipo nthawi yonseyi iwe ndi ine sitinautchulepo m'nyumba muno. Timakamba za mvula, za mitengo ya usipa, za mayeso ako, koma tikafika pamenepo timalambalala ngati pali dzenje. Mawa lole inyamuka 5 koloko. Ndikuopa kuti upita ndi chimene ndinakusiyira mumtimacho, ndipo sindidzapezanso mpata wochichotsa. Pakamwa sinditha, ukundidziwa, mawu anga amathera pakhosi. Choncho pamene wapita kukatsanzika anzako, ndakhala pano pafupi ndi thandala loyanikapo nsomba, ndikuingitsa akhwangwala pa usipa, kope lili pabondo.

Kutsidya kumene ukupitako sikukuoneka lero. Utsi wa moto wa m'mapiri wagona panyanja, madzi ndi thambo zangosanduka chinthu chimodzi chotuwa, ndipo mabwato awiri ali kutaliwo akuoneka ngati awapachika m'mwamba. Tsiku loyera bwino mapiri a kumeneko amaoneka, abuluu, ngati ungawakhudze. Ndidzayang'ana kumeneko Lachiwiri lililonse 3 koloko, ndidzati mwina tsopano akuimba wenzulo.

Ine ku kosi sindinapiteko. Sukulu ndinalekeza Sitandade 7. Chaka chimene unayamba kuyenda, amayi ndi atsikana a padoko pano anadula mitengo iwiri ya bulugama, munthu wowotcherera anatipindira maringi, tinalemba mizere pamchenga ndi phulusa. Anandisankha kukhala kochi pa zifukwa ziwiri: ndinali ndi wotchi imene bambo ako anabwera nayo kuchokera ku Joni, ndiponso ndinkawerenga zigoli osasokoneza. Ndinaugwira udindowo zaka khumi ndi zisanu, Lachiwiri ndi Lachisanu. Bwalo lija tsopano lili m'madzi chikwerere nyanja. Mtengo umodzi unagwa, wina ukadali chiimire, madzi ali m'chiuno mwake, ndipo kakowa amakonda kutera pa ringi. Nthawi zina ndikawodzera masana ndimalota tikusewera momwemo m'madzimo, osanyowa, mpira ukuyenda pang'onopang'ono kuchoka m'manja kupita m'manja. Zimene ndikulemba panozi ndinaziphunzira pabwalo limenelo, ndipo zambiri ndinaziphunzira nditalakwira kale mwana wa mwini wake.

Ndiyambe ndi Hawa. Unali wamng'ono, koma mwina ukumukumbukira, wamtali uja wa mpango wobiriwira, ankasewera kumbali. Hawa akagwira mpira ankakoka phazi limene watera nalo, ndipo oyimbira ankamugwira kasanu kapena kasanu ndi kamodzi pa gemu imodzi. Ndinamuuza Lachiwiri zisanu zotsatizana. "Hawa, ukukoka phazi." Iye ankapinda bondo, maso pansi, dzanja pachifuwa. "Ndamva, amayi." Ine ndinkapita kunyumba mtima uli m'malo, ndikuti mwana waulemu uyu. Lachisanu likafika, phazi lomwelo, kukoka komweko. Ndinayamba kuganiza kuti ndi mwano wobisa.

Lachiwiri lachisanu ndi chimodzi mphepo ya mwera inali itaunjika zinyalala pabwalo, ndiye ndinasesa ndisanayambe. Mchenga unasalala ngati ufa wosefa. Mpira woyamba anagwira ndi Hawa.

"Ima pomwepo," ndinatero. "Cheuka."

Kumbuyo kwa chidendene chake kunali mzere wautali, ngati padutsa buluzi.

"Iii! Ndalemba ndine zimenezi?"

"Ndiwe."

"Ine ndimayesa mumanena kuti ndimathamanga nawo mpira. Phazili silindiuza kanthu, amayi, limangopita lokha."

"Nanga bwanji unkati wamva?"

Anandiyang'ana modabwa. "Nanga munthu wamkulu akulankhula ndiziti sindinamve?"

Tinasesa kanayi tsiku limenelo. Mzere unkafupika, mpaka panatsala chidindo cha phazi chokha. Felista, ana a kuno tinawalera kuti wamkulu akalankhula azigwetsa maso ndi kuvomera. Iwenso ndinakulera choncho. Ukakhala kochi, "ndamva" ameneyo usakamukhulupirire, ndi ulemu chabe. Ukamuuza mwana chinthu, umuuze kuti, "Tandionetsa." Ndipo chimene thupi lake likuchita iye osachiona, umupezere njira achione ndi maso ake. Ngati bwalo la kumeneko ndi louma, waza phulusa.

Pali china chimene ndinachita chifukwa cha mawu anga ochepawa. Kwathu kuno mawu ovuta sitinena tokha, timatuma munthu. Za banja timatuma ankhoswe, za maliro timatuma adzukulu. Ine ndinatenga khalidwe lomwelo kupita nalo pabwalo. Kaputeni wathu anali Asiyatu, wa mawu omveka mpaka kudoko, ndiye ndikafuna kukonza munthu ndinkanong'oneza iyeyo. Tsiku lina pa nthawi yopuma ndinamuuza kuti, "Kauze Joyisi azituluka msanga pang'ono, azikumana nawo mpira usanafike kwa mdani wake." Joyisi anali wotchinga kumbuyo, mtsikana wathupi, wofatsa. Asiyatu anathamanga, nalankhula naye. Ndili patali ndinaona nkhope ya Joyisi ikutsekeka ngati chitseko. Kota yotsatirayo anasewera ngati miyendo si yake.

Miyezi itatu Joyisi ankandipatsa moni wa pamwamba pa mlomo. Tsiku lina tinakumana tikutsuka mapoto kunyanja, ndinamufunsa chimene ndinamulakwira.

"Thumba la chinangwa limalankhula ngati, amayi?"

"Thumba liti?"

"Si munatuma Asiyatu kuti ndikulemera ngati thumba la chinangwa chonyowa?"

Ndinamuitana Asiyatu pomwepo. Sanakane n'komwe.

"Walahi amayi, mawu anuwo anali ozizira, akanagona nawo tulo. Ine ndinangothiramo katsabola."

"Katsabola kako ndi kameneko?" anatero Joyisi. "Iweyo ukulemera ngati chiyani, nsungwi yowedzera?"

Anaseka onse awiri, koma ine sindinaseke. Lachisanu lake ndinawerenga mapazi kuchoka pamene ndinkaima kukafika pamene ankaima Joyisi. Anali 24. Miyezi itatu ya mwana wosweka mtima chifukwa ndinaopa mapazi 24. Felista, upite wekha. Mawu ako asadutse pakamwa pa wina, ngakhale akhale kaputeni wokhulupirika chotani. Iwe mawu uli nawo, unatengera bambo ako, komabe usamakuwire kutali. Uyende, ukaime pambali pake, nonse muyang'ane bwalo, unene motsitsa.

Usanayambe kudzudzula, uziyamba wafunsa. Chaka china mwezi wa Ramazani unagwa mu Okotobala, mchenga ukuotcha mapazi. Ine Mkhristu, nditakhuta mbatata yanga, ndinaimika timu yonse n'kuwauza kuti asanduka aulesi. Pa atsikana asanu ndi awiri, asanu anali akufunga, osadya osamwa chiyambire m'bandakucha. Ndinkadziwa kuti ndi mwezi wofunga, nanga si ndimakhala nawo? Koma sindinalumikize ndi miyendo yolemerayo. Asiyatu yemweyo anangonyambita milomo yake yong'aluka n'kufunsa kuti, "Amayi, inu mwadya chiyani masana ano?" Kuyambira pamenepo mwezi umenewo tinkangoponya m'maringi, osathamanga. Kumene ukupitako ena adzabwera akufunga, ena chifukwa kunyumba kulibe ufa, ena ali kumwezi ndipo akuchita manyazi kunena. Mwana wothamanga akayamba kuzengereza, kawirikawiri nkhani si mpira.

Za kope langa ukudziwa. Ndinkalembamo timizere, aliyense tsamba lake: mipira yotaya, mipira yolanda, zoponya, zolowa. Loweruka lina tinapita kukasewera kumudzi wina kunjira ya ku boma, tinagonja ndi zigoli zisanu ndi zinayi. Pobwerera tinakwera lole ya matumba a chimanga. Fumbi linali litatiyeretsa nsidze, ena akusisima m'zitenje. Ine ndinaona kuti nthawi ndi imeneyi poti onse ali pamodzi ndipo palibe kothawira. Ndinatsegula kope. Ndinali nditalemba zolakwa khumi ndi chimodzi. Ndili pa chachitatu, Mariamu, wamng'ono pa onse, anatulutsa mutu m'chitenje.

"Amayi, tilire kaye. Kopelo silithawa."

Lole yonse inaphulika kuseka, misozi ili m'masaya, mpaka wothandiza dalaivala amene sankadziwa nkhani. Ndinatseka kope. Tinayenda ulendo wotsalawo migwalangwa ikudutsa umodziumodzi, wina anayamba kuimba motsitsa, ena n'kumapolokozana naye.

Lachiwiri lake ndinaiwala kope kunyumba. Si nzeru, ndinangoiwala. Posowa chowerenga ndinawakhazika pansi n'kuwafunsa kuti, "Inu munaona chiyani Loweruka?" Poyamba anangoyang'anana. Kenako anayamba. Pa khumi ndi chimodzi zanga zija anatchula zisanu ndi zitatu okha, popanda wokwiya, chifukwa zinkatuluka pakamwa pawo. Anawonjeza ziwiri zimene ine sindinazione. China chinali chakuti senta wa timu ija ankayang'ana kumanzere nthawi zonse akafuna kuponya kumanja. Ine ndinali kunja kwa mzere ndi pensulo, iwo anali m'katimo. Ndiye mwana wanga, tsiku logonja usaphunzitse. Uwapatse madzi, uwawerenge ngati akwana, ubwere nawo kunyumba. Lachiwiri uyambe ndi funso. Ndipo pa zonse zimene zatchulidwa usankhe chimodzi chokha cha sabata imeneyo. Mwana ukamusenzetsa khumi ndi chimodzi amazitula zonse pa mphambano yoyamba.

Tsopano za Patuma, amene amagulitsa mandasi pamsika. Umandifunsa chifukwa chake ndimagula kwa iye ngakhale pamene tili ndi ufa m'nyumba. Patuma anali ndi manja abwino koposa onse amene ndinawaphunzitsa, kupatula mmodzi. Anakwatiwa ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, ndipo ndinapita ndekha kawiri kukapempha apongozi ake, Abiti Daudi, kuti azimulola kusewera. Analola monyinyirika. Tsiku lina kunabwera timu pa boti, mudzi wonse unasonkhana, ndipo Abiti Daudi kwa nthawi yoyamba anabwera kudzaonera, atakhala pamkeka kutsogolo. Patuma anawaona. Anagwetsa mpira woyamba, wachiwiri, wachitatu. Pa wachinayi, ine amene sindinakuwepo pabwalo, mawu anatuluka okha, ndipo anatuluka nthawi imene anthu anali chete.

"Patuma! Kunyumba mbale umagwira choncho?"

Anthu anaseka. Anyamata a pa mtengo anabwereza. Ndinaona Abiti Daudi akukonza mpango wawo pang'onopang'ono, osaseka. Pofika Lolemba mawu anga anali pa mjigo, mkazi aliyense akagwetsa chidebe anzake ankati, "Kunyumba mbale umagwira choncho?" Mwamuna wa Patuma anati mpira ukumuchotsera ulemu pabanja. Ndinapitanso kawiri kukapepesa. Anandilandira bwino, anandipatsa mpando ndi thobwa, koma Patuma sanapondenso pabwalo. Mpaka lero akamandipatsa chenje ndimayang'ana manja akewo.

Chimene ndinafunika kunena chinali chaching'ono: atambasule zala, ayang'ane mpira, asayang'ane mkeka. Ndikanamuitana pambali pa nthawi yopuma n'kumuuza zimenezo basi. M'malo mwake ndinasiya manja n'kukamba za munthu, ndinasiya bwalo n'kulowa m'nyumba mwake. Felista, usadzatero. Ukambe za phazi, za chigongono, za pamene waima. Usakambe za kwawo, za thupi lake, za makolo ake. Ndipo usanatsegule pakamwa uziyang'ana amene wakhala kunja kwa mzere. M'midzi mwathumu mawu a pabwalo sathera pabwalo, amapita ku mjigo, kumsika, mpaka kuchipinda.

Akhwangwala achoka, dzuwa lapendeka pang'ono. Ndatembenuza usipa, ndanola pensulo kawiri. Ndakhala ndikuzungulira ndi nkhani za ana a eni ake chifukwa imene yatsalayi ndi yako.

Linali Loweruka lachitatu la Julaye, uli ndi zaka khumi ndi zisanu. Tinapita ku boma kukasewera gemu yomaliza ya chikho, pabwalo la sukulu ina pafupi ndi mtsinje. Ndinakuika kukhala shuta, woponya zigoli, n'kusiya panja Zione amene anali wamkulu kwa iwe ndi zaka zinayi. Mayi ake a Zione tinapita nawo, ndipo m'lole monse ankalankhula mokweza kuti masiku ano kuti usewere uyenera kubadwa m'nyumba ya kochi. Unavala nsapato zobwereka, zazikulu, tinaikamo mapepala kutsogolo. Unaponya ka 34. Zinalowa 31. Tinapambana 38 kwa 35.

Titatha tinakhala pa depoti kudikira lole, amayi onse ali pamodzi akudya nzimbe. Unabwera wopanda nsapato, utazinyamula m'manja, thukuta litauma mchere pachipumi. Unaima patsogolo panga.

"Amayi, mwandiona?"

Mwana wanga, ndinafuna kukunyamula ngati tsiku limene unabadwa. Koma mayi a Zione anali atasiya kutafuna. Amayi ena onse anatembenuka. Ndipo m'mutu mwanga munali amayi anga, agogo ako, amene sanandiyamikirepo pamaso pa anthu chibadwire changa. Ankati mwana wako sumutama pagulu, umamuitanira maso oipa, ndipo iye amakula mtima. Ana a eni ake ndinkawayamikira, Hawa, Joyisi, Mariamu, onse. Wanga ndinkati adziwa yekha. Ndiye ndinatsegula kope.

"Zitatu zija unataya chifukwa unafulumira."

"Zitatu?"

"Zitatu. Imodzi kota yoyamba, ziwiri kota yachitatu."

Unayang'ana kope, unayang'ana ine. "Chabwino," unatero. Unapita kukakhala wekha pa tayala kumbuyo kwa depoti. Mayi a Zione anayambiranso kutafuna, ndipo ine ndinadzimva kuti ndachita chilungamo.

Ndinati ndikakuuza zinazo kunyumba, tili awiri. Titafika tinapeza alendo ochokera kwa bambo ako. Lamulungu linali la tchalitchi ndi alendo omwewo. Lolemba usipa unafa wambiri, tinakhala pa thandala mpaka manja kuwawa. Lachiwiri 2 koloko ndinapeza bibu lako, kamalaya kosewerera mpira, utalichapa, utalipinda bwinobwino, lili pamkeka wanga. Ndinati ndi mkwiyo wa sabata imodzi. Ndinadikira kuti uyambe ndiwe, iwe unkadikira kuti ndiyambe ndine. Mwezi utatha mawu aja anali atalemera, chaka chitatha sindikanathanso kuwanyamula. Chaka chotsatira ndinapachika wenzulo, ndinauza anthu kuti ndi mawondo.

Ndiye unanena zoona m'mawa uja, usakawaphunzitse mmene ndinakuphunzitsira iwe. Koma umve bwino pamene panali cholakwa, kuti usakathawe china n'kugwera m'china. Zitatu zija zinali zoona, unafulumiradi. Usakaope kuuza mwana zoona chifukwa cha ine, kochi wongosekerera amawasiya ana mmene anawapezera. Cholakwa changa chinali kunena zitatuzo zokha, tsiku lachisangalalo, pamaso pa anthu, kwa mwana amene anafunsa funso lina. Ndinalankhula kuti mayi a Zione amve, osati kuti iwe upindule. Ukamalankhula ndi wosewera uzidzifunsa kuti mawuwa ndi a ndani, a mwanayu kapena a anthu akuonererawo.

Ndipo kuyamikira kuzikhala ndi tsatanetsatane wake, ngati mmene kudzudzula kumakhalira. Ife tikamadzudzula timadziwa kota, mphindi ndi phazi. Tikamayamikira timangoti "wasewera bwino," ndipo mwana sadziwa choti akabwereze. Umuuze chimene wachita, nthawi imene wachichita, ndi chifukwa chake chinali chabwino. Padzakhala mmodzi amene udzamukonda koposa, mwina wofanana nawe, ndipo udzafuna kumuumira mtima kuti anthu asakunene. Ameneyo ndiye usadzamumane. Akadzakufunsa ngati wamuona, umuyankhe tsiku lomwelo. Usadzati kunyumba, usadzati mawa.

Unandifunsa ngati ndinakuona. Ndikuyankha.

Chigoli choyamba chinali pa mphindi yachiwiri. Unali ndi mantha, ndinaona ndili kunja. Unakweza mpira, kenako unaima, unatulutsa mpweya wonse mpaka mapewa kutsika, unapinda mawondo, n'kuponya. Sunayang'ane kwa ine kapena kwa anthu. Patuma analephera zimenezo ali wamkulu, iwe unazitha wekha ndi nsapato za mapepala.

Chachisanu ndi chinayi, wotchinga wawo wamtali ngati chitseko uja anakuphimba ndi manja mpaka ringi osaoneka. Mwana wina akanangoponya kuti zimuchoke. Iwe unabwerera m'mbuyo sitepe imodzi, unaima pa mwendo umodzi, phazi linalo lili m'mwamba osagunda pansi, ndipo thambo linatseguka. Oyimbira anayang'anitsitsa mapazi ako, sanapeze kanthu.

Cha 22 chinabwera utangotaya ziwiri zija za kota yachitatu. Yachiwiriyo inagunda ringi n'kubwerera. Atsikana atatu anaima kuyang'ana, iwe unali utalumpha kale. Unaulanda pakati pa manja anayi n'kuponyanso usanapume, osagwetsa nkhope, osapepesa munthu. M'kopemo ndinalemba kamzere ka kutaya ndi ka kulowa moyandikana, ndipo pa depoti paja ndinawerenga ka kutaya kokha.

Chomaliza, kutatsala mphindi imodzi, unali m'mphepete mwenimweni mwa seko, mzere wozungulira ringi, kutali kumene ndinkakuletsa kuponyera. Mwera unali utadzuka, ukuulutsa mipango. Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene kuti upatsire mnzako. Iwe unaponya cham'mbali, kumanzere kwa ringi, ngati ukutaya dala. Anthu anabuula. Mpira unakwera, unaima m'mwamba nthawi yaitali, sindikudziwa kuti yaitali bwanji, wotchi inali pamkono koma sindinaiyang'ane. Kenako mphepo inautenga mofatsa n'kuutsitsira m'kati, osakhudza chitsulo. Zimenezo sindinakuphunzitse ndine. Sindinkazidziwa n'komwe. Pa zaka khumi ndi zisanu sindinaone manja ngati ako, ndipo ndinkadziwa zimenezi uli chiimire patsogolo panga, nsapato zili m'manja.

Ndikumva mawu ako kunjira, ukubwera ndi anzako, mukuseka. Kalatayi ndiika m'chikwama chako pansi pa zitenje, ukaipeze utafika. Usakavutike kuyankha. Wenzulo sindikupatsa, ugule yako yatsopano. Kope lija ndili nalo, ngakhale sindilifuna, chifukwa zonse ndimazikumbukira m'ndondomeko yake, pamene unaima ndi mmene unaponyera. Ukabwera pa holide ya Disembala, ukafuna udzandifunse, tidzakhale pansi ndikuuze chimodzichimodzi. Ukapanda kufuna sindidzakukakamiza, ndidzadikira holide ina.

Uyende bwino, Felista. Ndine mayi ako.

Pa zigoli 31 ndakuuza zinayi. Zatsala 27.